Mphindi Zomwe Palibe Amazilipira: Moyo wa Panjinga Yamoto ku Joni

Lero mlendo palibe, ndili ndekha, ndipo nkhani yake ndi ya anyamata aja mumawaona ataunjikana panja pa malesitilanti, helemeti m'manja, bokosi kumbuyo kwa njinga yamoto, maso ali pa foni. Ambiri mwa iwo ndi obwera ngati ife, ndipo Amalawi tilimo ochuluka ndithu. Inenso ntchito yanga ndi yomweyo, choncho zimene ndikambezi ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku.

Funso langa ndi ili. Munthu wamkulu, amene anakwera basi pa Wenela, n'kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, n'kuchezera pa mzere ku Beitbridge osadandaula, zimatheka bwanji kuti munthu yemweyo azinjenjemera ndi mkwiyo chifukwa cha mphindi 10 zodikira pa geti? Ena amati anyamata a delivery ndi amwano. Ena amati timathamanga ngati tathawa moto. Akazi athu amati timafika pakhomo ndi nkhope ya pamaliro. Ine ndikuti tisanaweruze kuti ndi mtima wapachala, tiyeni tiwerengere kaye limodzi.

Tiyambe ndi mmene ndalama imalowera. Ntchito yoperekera zakudya ndi katundu m'makomo si yachilendo kuno. Mr Delivery, amene lero timangoti Mr D, anayamba m'zaka za m'ma 1990, Uber Eats inafika mu 2016, Checkers Sixty60 kumapeto kwa 2019. Koma chimene chinadzaza misewu ndi mabokosi ndi lockdown ya mu March 2020, pomwe anthu anazolowera kuitanitsa chilichonse pa foni. Pa ma app ambiri wanjinga sawerengedwa ngati wantchito wolembedwa. Amati ndiwe wodziimira pawekha, bwana wako ndi iwe mwini. Mawu okoma kuwamva, eti? M'thumba tanthauzo lake n'lakuti umalipidwa pa oda iliyonse yomwe waifikitsa, osati pa ola.

Taganizani za mlongo wathu wogwira ntchito m'nyumba ya anthu ku Fourways. Malipiro otsikitsitsa omwe boma la kuno linakhazikitsa anali R27.58 pa ola mu 2024, n'kukwera kufika R28.79 mu March 2025. Abwana ake akamuuza kuti dikira kaye makina ochapira amalize, iye akudikira, koma ola likuwerengedwa. Taganizaninso za wakabaza kwathu ku Lunzu kapena ku Area 25. Kasitomala akati tandidikirani ndilowe mu shopumu, iye amayankha pomwepo kuti ndiye muwonjezera, bwana. Amakambirana maso ndi maso. Ife zonse ziwirizi tilibe. Wotchi sitilipira, komanso palibe woti n'kukambirana naye mtengo. Foni yanena, basi.

Tsopano masamu aja. Manambala awa ndi ongoyerekezera kuti tione mmene zimayendera, aliyense aikepo ake. Tinene kuti njinga si yako, ndi yobwereka, ndipo mwini wake amafuna R600 pa sabata. Ukugwira masiku 6, ndiye kuti R100 pa tsiku. Petulo tingoti R65. Data ndi mayunitsi R15. Usanadye kalikonse, R180 yapita kale. Tinenenso kuti oda iliyonse ikukupatsa R30, ndipo tsiku labwino wapanga maoda 18 m'maola 12. Zalowa R540, chotsa R180, yatsala R360. Gawa ndi maola 12, ndi R30 pa ola. Uli pafupi ndi mlongo wathu uja.

Ndiye tsiku lina wadikiritsidwa ka 9, kulikonse mphindi 10 zokha. Pa lesitilanti mphindi 10, pa geti mphindi 10, pofufuza nyumba mphindi 10. Palibe chachikulu chimene chachitika, palibe choti n'kukauza munthu. Koma pamodzi ndi mphindi 90, ndipo ngati oda imatenga mphindi 30, maoda atatu apita. Zalowa R450. Mwini njinga sanachotseko kalikonse, data ndi yomweyo, petulo watsikako pang'ono chabe. Yatsala R270 kapena kupitirirako pang'ono. Mwaona? Pa maoda 18 wataya atatu okha, koma pa ndalama yopita kunyumba wataya pafupifupi kota yathunthu. Maoda oyamba a tsiku ndi a anthu ena. Ako ndi omalizawo, ndipo kudikira kumadya omalizawo. Apa sitinawerengere oyilo, tcheni ndi matayala.

Ofufuza a Fairwork, gulu lomwe linayambira ku yunivesite ya Oxford ndipo lakhala likuunika ma app a kuno kuyambira 2019, akamaona ngati malipiro ali oyenera amachotsa kaye zimene wantchito amawononga pogwira ntchitoyo, n'kuwerengeranso nthawi yodikira ngati nthawi ya ntchito. Ife ambiri sitiwerengera choncho. Timangoona nambala yomwe foni yaonetsa pakutha pa sabata n'kumati zayenda.

Chinanso n'chakuti mphindi sizifanana mtengo. Anthu amadya masana ndi madzulo. Kuyambira cha m'ma 12 mpaka 2, ndiyenso cha m'ma 5 mpaka 8, apo ndi pomwe foni imalira mosalekeza, makamaka Lachisanu ndi kumathero kwa mwezi. Cha m'ma 3 masana ukhoza kukhala pansi pa mtengo ola lathunthu, palibe wakufuna. Mphindi 10 za 3 koloko n'zaulere, ndikhoza kukupatsani. Mphindi 10 za 7 koloko madzulo ndi ufa wa ana. Tsoka lake, zochedwetsa zonse zimabwera nthawi yomweyo yotenthayo, chifukwa ndi pomwe khitchini yadzaza, mageti ali ndi mizere, msewu wathina.

Tiime kaye pa lesitilanti, chifukwa apa ndi pomwe ambiri sitimvetsa. Kuseri kwa kauntala kumakhala ma tablet angapo, iliyonse ya app yake, ndipo onse amalira nthawi imodzi. Pakhomo palinso anthu obwera okha, ena pa drive-thru. Ophika ndi omwewo, mafuta okazingira ndi omwewo. App imakutumiza potengera nthawi yomwe ikuganiza kuti chakudya chipsa, ndipo ikaphonya, nthawi zambiri imaphonyera mbali imodzi: iwe umafika chakudya chisanapse. Chifukwa chake n'chosavuta. Chakudya chikadikira wanjinga chimazizira, tchipisi chifewa, kasitomala adandaula, lesitilanti iluza, app iluza. Wanjinga akadikira chakudya, waluza ndi iye yekha. Pa onse amene ali mu mzere umenewu, nthawi yotchipa kwambiri ndi yathu. Munthu aliyense wanzeru akamakonza bizinesi amaika kudikira pa amene kudikira kwake sikumulowa m'thumba.

N'chifukwa chake ine sindiona phindu lokalipira mtsikana wa pa kauntala. Kawirikawiri nayenso ndi wobwera, wa ku Bulawayo kapena wa ku Mangochi, waima kuyambira m'mawa, ndipo si iye anakonza dongosololi. Koma zina zimapwetekadi, tisaname. Kukuuza kuti kadikire panja kukuzizira, m'kati muli mipando yopanda anthu. Kukuuza kuti chimbudzi n'cha makasitomala, pamene iwe wanyamula chakudya chawo maulendo 5 tsiku lomwelo. Kuitana nambala ya oda yako motsitsa mawu iwe uli panja, chakudya n'kukhala pa shelefu mphindi 7, kenaka nyenyezi yochepa igwere iwe. Pa mall, poimika njinga pali kutali, uvule helemeti, uyende ndi chikwama kudutsa mashopu 30, ukwere masitepe, ubwererenso. Mapu a pa foni mtunda umenewo sauona. Kwa iwo iwe unafika kalekale.

Ndiye pali zakumwa. Aliyense amene ananyamulapo makapu anayi a milkshake kudutsa mahampu a ku Randburg akudziwa chimene ndikunena. Sindiwonjezerapo.

Geti tsopano. Kumpoto kwa Joni, ku Midrand, ku Fourways, ku Sunninghill, anthu ambiri amakhala m'ma estate ndi m'makompuleksi otchingidwa ndi mpanda wa magetsi. Pa geti mlonda akufuna laisensi yako, aisikane, asikanenso disiki ya njinga, kenaka aimbire mwini nyumba. Mwini nyumba ali m'bafa. Kapena anatumiza code koma yatha mphamvu. Kapena nambala yomwe alonda ali nayo ndi ya mkazi wake yemwe ali ku ntchito. Kumbuyo kwako galimoto zikuimba mahutala. Malo ena njinga salola n'komwe kulowa, uisiye panja uyende wapansi. Ukalowa, nyumba n'zofanana ngati mazira, nambala 112 yayandikana ndi 340, mahampu pa mamita 50 alionse, ndipo usiku manambalawo saoneka.

Pini ya pa mapu ndi nkhani ina. Munthu anaitanitsa dzulo ali ku ofesi, lero ali kunyumba, pini ikadali ku ofesi. Wina pini ili bwinobwino pa nyumba yake, koma geti la estate lili mbali ina, makilomita awiri kuzungulira. Ndipo pali mawu aja onse timawadziwa, akuti ndikutsika pompano. Pompano wa munthu wokhala pa nsanjika ya 9, chikepe chitafa, ndi mphindi 8. M'tauni, ku Braamfontein kapena ku Hillbrow, amati kwera nacho chakudyacho. Ukwere, njinga yatsala yokha pa msewu, ndipo njinga zimenezi zimabedwa. Ukane, nyenyezi yatsika. Zimenezi uzisankhe m'masekondi 5 uli ndi njala.

Alonda nawonso ndimawamvetsa. Iwo anapatsidwa malamulo, kamera ili pamwamba pawo, akalowetsa munthu wolakwika ntchito yatha. Chimene ndaona n'chakuti kukweza galasi la helemeti, kuzimitsa injini, kupereka moni wa Chizulu kapena wa Chisutu, laisensi ili kale m'manja, kumachotsa mphindi ziwiri kapena zitatu pa geti lililonse. Ulemu wa kwathu uja tinkauona ngati wa kumudzi, kuno ndi ndalama.

Poti tatchula laisensi, ndinenepo ichi chifukwa ambiri chimawapeza modzidzimutsa. Kuno Code A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc. Boxer 150 ndi zinzake za 150 zimafuna Code A. Disiki ya njinga imatha chaka ndi chaka, ndipo ngati njinga ndi yobwereka, amene amaiwala kuikonzanso ndi mwini wake, koma amene amaimitsidwa pa msewu 6 koloko madzulo, chakudya chili m'bokosi, ndi iwe. Yang'anani tsiku lomwe lili pa disikiyo lero lino. Nyali ya kutsogolo iziyaka ngakhale masana, ndi lamulo, ndipo mano a tayala asachepere milimita imodzi. Anzathu a ku UK amene mukuyendera CBT ndi ma L plate, yanu ija imatha pakapita zaka ziwiri, musadikire kuti akukumbutseni.

Njinga nayo ili ndi tizinthu take. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre zili cha m'ma 1,000. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, injini yaing'ono imapuma movutikira, ndiye njinga yomwe ku Durban imakwera chitunda mosavuta, kuno imafuna utsitse giya. Ena amaganiza kuti makaniko anawabera, ayi, ndi mtunda. Tcheni chimafuna mafuta pa makilomita 500 alionse kapena mukangoyenda m'mvula, ndipo wa delivery makilomita 500 amawamaliza m'masiku ochepa. Chisakhale chothina kwambiri kapena cholendewera, chizisewera masentimita awiri kapena atatu pakati pake. Chikatha, sinthani pamodzi ndi masiproketi onse awiri, chifukwa tcheni chatsopano pa mano akutha sichikhalitsa. Oyilo mu injini zimenezi ndi pafupifupi lita imodzi basi, ndipo injini yake imazizira ndi mphepo, ndiye kuima pa maroboti tsiku lonse kumamuwotcha msanga. Waya wa kilachi amayamba wathothoka ulusi umodziumodzi pafupi ndi chogwirira asanaduke. Amachenjeza, kungoti sitiyang'ana.

Chimene chimakwiyitsa pa njinga yobwereka n'chakuti zonsezi zilibe mwini. Mwini njinga amati iwe ndi amene ukuiyendetsa. Iwe umati si yanga. Ndiye tayala limayenda mpaka kusalala ngati mphika, aliyense akudikira mnzake. Mukamatenga njinga kwa munthu, ngakhale akhale wa kwanu, wa mpingo umodzi, gwirizanani pa WhatsApp, zolembedwa: oyilo ndi wa ndani, tayala ndi la ndani, tsiku lomwe njinga yagona kwa makaniko ndalama ya sabata ichotsedwa kapena ayi. Maubale ambiri kuno atha chifukwa cha tayala la kumbuyo.

Petulo naye ali ndi kalendala yake. Mtengo umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, ndipo kuno ku Gauteng ndi wokwererapo kuposa kugombe chifukwa amachokera kutali. Akalengeza kuti akwera, Lachiwiri madzulo pa galaja pamakhala mzere, nthawi yomweyo yotentha ija.

Za nyengo ndinene mwachidule. Kuyambira October mpaka March mvula ya kuno imakonda kubwera masana kapena madzulo, ya mabingu, nthawi zina ndi matalala. Mvula ikagwa aliyense amaitanitsa, palibe akufuna kutuluka, foni imalira ngati yapenga. Walira mvula walira matope. Mvula yoyamba pambuyo pa chilimwe imayandamitsa oyilo yemwe wakhala akudontha pa tala miyezi yonse, mizere yopentedwa ndi zivundikiro zachitsulo zimaterera ngati sopo, ndipo dzenje lodzaza madzi silioneka kuya kwake. Zala zonyowa foni sizimva. June ndi July ndi chisanu, zala zimauma pa buleki, galasi la helemeti limachita nthunzi. Kadontho ka sopo wotsukira mbale, kupaka m'kati n'kupukuta bwino, kamathandizako. A ku Cape Town zanu n'zosemphana: mvula m'nyengo yozizira, ndipo m'nyengo yotentha mphepo ija ya kum'mwera chakum'mawa imamenya bokosi ngati thanga la bwato. M'chaka cha 2023, pomwe load shedding inafika poipa, maroboti ankangokhala ozima, mphambano iliyonse kukhala four-way stop, ndipo wanjinga pa four-way stop ndi amene aliyense amamuona pomaliza.

Apa tsopano ndi pomwe ndikufuna mumvetsere, chifukwa tizinthu tating'onoting'onoti timathera pamalo amodzi. Mphindi zimene wataya pa lesitilanti sungazitenge kwa ophika. Za pa geti sungazitenge kwa mlonda. Malo okhawo pomwe chisankho chili m'manja mwako ndi pa msewu, ndipo dzanja lamanja limadziwa zimenezo iwe usanaganize. Umapezeka wakoka moto, wapanikizika pakati pa teksi ndi lole, wadutsa roboti itasanduka kale yachikasu.

Koma tawerengerani. Ulendo wa makilomita 5 pa liwiro la 40 ndi mphindi 7 ndi theka. Pa 60 ndi mphindi 5. Wapulumutsa mphindi ziwiri ndi theka, ndipo zimenezo ndi ngati msewu ulibe roboti ngakhale imodzi. Roboti yotsatira ikakugwira, mnzako uja unamudutsa amadzaima pambali pako. Pamene mtunda woti njinga iime ukamenya buleki sukwera mofanana ndi liwiro. Kuchoka pa 40 kufika pa 60, liwiro lakwera ndi theka, koma mtunda woimira waposa kawiri. Pa tala wonyowa, ndi tayala losalala lija, ndi bokosi lolemera kumbuyo, wonjezeranipo. Kuthamanga sikufika, akuluakulu ananena, ndipo pano masamu akugwirizana nawo. Mphindi 10 zotayika pa geti sizibwezeka pa msewu, njirayo ndi yaifupi kwambiri. Chimene chimachuluka ndi mauthenga aja a m'magulu athu a WhatsApp, opempha R50 aliyense kuti tithandize mnzathu amene wagonekedwa m'chipatala, kapena kuti thupi lipite kumudzi. Ndipo poti ndiwe bwana wa iwe mwini, sabata zomwe mwendo uli mu pulasitala palibe tchuthi cholipidwa. Lendi ikuyendabe.

Zotsala za mkwiyo zimapita kunyumba. Tikambe za banja.

Malawi ndi South Africa nthawi ndi imodzi. Kwa anzathu a ku UK pali kusiyana kwa ola limodzi kapena awiri, ife palibe. Ndiye nthawi yomwe amayi aweruka kumunda, aphika, akhala pa khonde n'kukumbuka mwana wawo, ndi 6 kapena 7 koloko madzulo. Ndi nthawi yomweyo foni ili pa chogwirira cha njinga, ikundilozera njira. Foni ikalowa, mapu abisika. Ukadula, uthenga ukubwera: mwayamba kunyada, achimwene. Ukayankha, wadutsa pokhotera. Alamu amangoflasha katatu motsatizana, ndipo kuflasha katatu kwathu ndiye kuti kwagwa zovuta, mtima umadumpha. Uime pambali, uimbe, n'kumva kuti amangofuna kudziwa ngati foni ija munalonjeza ikubwera ndi basi ya sabata ino.

Sindikuwanena abale athu. Iwo akuona zawo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo feteleza, sopo, fizi, zonse zinatsatira. Amene akupempha sakunama ayi. Vuto ndi chithunzi. Tikafika kuno timajambulitsa titakhala pa njinga, jekete yowala, helemeti yatsopano, kumbuyo nyumba zazitali za ku Sandton, n'kuika pa Facebook. Kwathu munthu wokhala ndi njinga yamoto ndi munthu woti wapeza. Palibe amalemba pansi pa chithunzicho kuti njingayi ndi ya eni, ndipo maoda 6 oyamba tsiku lililonse ndi olipira ngongole. Ndiye amalume akati tumizani 50,000 yokha, kwa iwo ndi kanthu kochepa kwa mwini njinga. Kwa iwe ndi tsiku lathunthu kapena kuposa, kuphatikizapo ya Mukuru kapena Mama Money yotumizira. Ndipo ndalama ikachedwa kulowa mu Airtel Money kapena mu Mpamba ndi mphindi 20, foni iyambanso kulira, 7 koloko yomweyo.

M'nyumba momwe tikukhalamu namonso muli zake. Ambiri tili m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni, ku Cosmo City, ku Tembisa, ku Turffontein. Njinga siingagone panja, ndiye imalowa m'nyumba, pakati pa bedi ndi chitofu. Madamu akolopa m'nyumba ya anthu tsiku lonse, afika kwawo apeza matope a tayala pa simenti, fungo la petulo, jekete yonyowa yapachikidwa pa chitseko, magolovesi ali pamwamba pa ketulo. Soketi ndi imodzi, ndipo foni ya ntchito ndi power bank ziyenera kudzaza usiku womwewo, ya iwo idikire. Iwe wanunkhiza pizza ndi nkhuku za eni maola 12, wafika 10 koloko, nsima yazizira, mwana wagona. Akufunsa kuti bwanji simumayankha foni, ndipo funso limeneli walimva kale kanayi lero kuchokera kwa makasitomala. Yankho lomwe limatuluka pakamwa si la iwo. Ndi la munthu wa pa nsanjika ya 9 uja. Koma amene walimva ndi mayi a mwana wako, amene nawonso abwana awo anawachedwetsa, teksi inawathawa, ndipo ali ndi mphindi zawo zosalipidwa zomwe iwe sunaziwerenge.

Ine kwathu tinagwirizana zinthu zingapo, mwina zingathandize ena. Amayi ndimawaimbira ineyo, 3 koloko masana, nthawi yaulere ija, Lachiwiri ndi Loweruka. Anazolowera moti foni ikachedwa ndi mphindi 5 amayamba kufunsa ana ngati netiweki ilipo. Abale onse akudziwa kuti kuyambira 5 mpaka 9 foni ili pa ntchito, ndipo ngati ndi maliro kapena matenda, aimbire madamu. Ndalama imapita kamodzi pa mwezi, tsiku lodziwika, kudzera kwa achemwali anga aakulu, ndipo iwo ndi amene amagawa. Sikuti madandaulo anatha, alamu akadali ndi mawu, koma anasamukira ku nthawi yomwe ndingathe kuwamva nditakhala pansi.

China ndi kakope. Ndili ndi kakope kakang'ono m'thumba la jekete, ndipo kwa sabata ziwiri ndinkalemba zinthu zitatu zokha pa oda iliyonse: malo, mphindi zodikira potenga, mphindi zodikira popereka. App imakuuza zomwe walandira, siikuuza zomwe wadikira. Pakutha pa sabata ziwirizo zinaoneka poyera kuti theka la kudikira kwanga limachokera pa malesitilanti awiri okha ndi estate imodzi. Ena onse amene ndinkawakwiyira anali a mphindi ziwiri, zitatu. Ndinasintha poima, ndinasunthira pafupi ndi malo ena pomwe khitchini yake ndi yachangu, ngakhale maoda ake ndi aafupi. Estate ija ndinafunsa mlonda wina wachikulire, anandionetsa geti lachiwiri la kumbuyo lomwe a delivery amaloledwa, lopanda mzere, lomwe mapu salidziwa. Tcheni ndi matayala ndimaziona Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, matayala atazizira, njinga ili panja pa chipinda, mwana akundigwirira sipanala.

Sabata yamawa tidzakhala ndi mlendo, mayi wogwira ntchito m'nyumba za anthu, adzatiuze za mphindi zake. Inu a panjinga amene muli ndi kakope kanu, titumizireni voice note, koma mujambule mutaima pambali, injini itazima. Tsalani bwino.